Chikalata cha Imfa ya Charito

Salmiya, Kuwait
13 Malichi 2009

Dado mwana wanga,

Moni kwa iwe, kwa amake Vangie ndi onse a m'nyumbamo, osaiwala atambala ako omenyana aja, poti ndi amene umawasisita kuposa ana ako. Ine ndili bwino. Mawondo ndi omwe aja, akulira ngati chitseko chadzimbiri. Adona anandiletsa kukwera makwerero, ndiye ntchito yanga tsopano ndi kukhala pansi kumalera ana a anthu amene ndinawalera ndekha ali makanda.

Ndikulembera za Charito. Ndalemba kuti Charito, ndipo ndilembanso, Charito. Kuno sinditha kulitchula dzinali pamaso pa anthu, ndiye undilole ndilitchule papepala.

Kontilakiti yake ikutha mu Juni. Abwana ake a ku Farwaniya akumufunabe zaka zina ziwiri, ati amasita bwino ndipo sabweza mawu. Tsono tiyenera kupita ku ofesi ya apantchito ya kwa kazembe wathu, akaione kontilakiti yatsopanoyo, akaidinde, amupatsenso kapepala kotulukira kuti akabwera kudzapuma asakamutsekereze ku bwalo la ndege ku Manila pobwerera kuno. Iwe izi sukuzidziwa. Iwe umadziwa tsiku lolandira ndalama basi.

Unditumizire chikalata cha kubadwa cha Vangie, cha papepala la boma lija, ndi cha ubatizo chomwe. Akuti masiku ano ku ofesiko akumayang'ana nkhope, akaona kamtsikana akumafunsa zambiri. Pasipoti ikuti Evangeline Magbanua, zaka 26, mayi wa mwana mmodzi. Woinyamulayo ali ndi 21 ndipo akaona mphemvu amakuwa.

Usaganize kuti ndinaiwala m'mene ndinadziwira. Lachisanu lija, tsiku lathu lopuma kuno, ndikutuluka m'tchalitchi, Tasing mnzanga akundikoka diresi, ati, "Idad, mdzukulu wako Vangie wafika, ali pampandapo akukufuna." Ine kuthamanga ndi mawondo angawa, maso akusaka mtsikana wamtali wa kadontho patsaya. Ndikupeza amene waima ndi kachikwama ndi mng'ono wake, Charito, milomo itauma gwa. Ndinati, "Iwe, nanga mkulu wako ali kuti?" Iye kundikumbatira n'kumanong'ona kukhutu, "Agogo chonde, ndine Vangie. Ababa anati ndine Vangie." Ndinamwetulira pamaso pa anthu onse aja, m'kamwa mukuwawa ngati ndatafuna ndulu.

Unaona kuti zaka za mwana sizinakwane zimene boma limafuna. M'malo modikira, iwe ndi ejenti wako uja wotumiza atsikana kunja, Leonor wa milomo yofiira, munamuvula dzina wamkulu n'kumuveka wamng'ono ngati malaya osiyirana. Usandiuze zoti kwathu ku Antique konse amatero. Kuchimbudzi amapitanso aliyense, koma sindinamve wina akunyadira.

Nanga Vangie weniweniyo ali bwanji? Pa Khirisimasi analemba kuti akutsokomola. Ndipo kamwana kake, Precy, kayamba kuyankhula? Ndiuzeni, musamangondikumbukira mpunga ukatha.

Ndine mayi ako,
Felicidad


Antique
6 Epulo 2009

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli ndi moyo wamphamvu. Ife kuno tikuyesetsa.

Zikalata zonse ziwiri zili m'envulopu yomweyi. Ndinapita ndekha mpaka kuboma ku San Jose, ndinaima pamzere osadya kanthu, nsapato mpaka kuduka. Koma zimenezo simuziona, inu mumaona atambala okha. Atambalawo ndinagulitsa, atsala awiri basi, ndipo winayo ndi wa compadre wanga, amene tinaimirana ana pa ubatizo, ndikungomusungira.

Amayi, mumandinyoza, koma denga la malata lili panyumbapa linabwera ndi ndani? Tikanadikira kuti Charito akwane zaka, bwenzi tikuvumbwabe. Ngakhale mwana wa kapitawo wa m'mudzi muno anapita ku Riyadh ndi dzina la msuweni wake, pano ali ndi sitolo. Leonor akuti musade nkhawa, atsikana ake onse amadutsa bwinobwino. Akuti Charito azingodzola zofiira kumilomo ndi kumanga tsitsi kumbuyo, aoneka wamkulu.

Vangie sakupeza bwino kwenikweni. Waonda, ndipo kumsika kogulitsa nsomba anasiya kupita. Tinapita naye kuchipatala, akuti ndi chifuwa chachikulu. Kumeneko tinamulembetsa ndi dzina la Charito, chifukwa Leonor anati dzina la Vangie lisamaoneke m'mabuku a boma kuno pamene mwini wake akuoneka kuti ali ku Kuwait. Ndi nzeru chabe imeneyo, mankhwala safunsa dzina.

Koma mankhwalawo ndi okwera mtengo, Amayi. Mukatumizako kenakake. Muuzenso Charito awonjezereko mwezi uno, ndi mkulu wake ameneyu.

Precy akuyankhula, amatchula chilichonse. Amake Vangie akupereka moni.

Mwana wanu wokukondani,
Diosdado


Salmiya
8 Meyi 2009

Dado,

Moni. Zikalata zafika, nsapato yakoyo uisoke.

Ndalama za mankhwala ndatumiza, za ine ndi za Charito, koma ndalemba dzina la amake Vangie. Ukapita iwe kokatenga akakubweza. Tambala wa compadre wakoyo adye chimanga cha compadre.

Ndiye mwana akudwala chifuwa chachikulu, mwamugoneka pabedi la chipatala ndi dzina lobwereka! Nesi akamaitana kuti Charito, iye azitembenuka ndi chifuwa chakecho n'kumavomera. Asa! Ngakhale mbuzi ikadwala timaiitana ndi dzina lake.

Tsono imva za ku ofesi, uone zimene nzeru zakozo zimatichititsa ife okalamba. Tinapita Lamlungu lapitali, poti kuno ndi tsiku la ntchito. M'basi monse ndinali mphunzitsi, ine amene sukulu ndinalekera kalasi yachitatu.

"Unabadwa liti?"

"Pa 9 Okutobala."

"Chitsiru! Ameneyo ndi ndani?"

"Pepani Agogo. Pa 17 Febuluwale."

"Pa ubatizo wako anakuimira ndani?"

Kuyankha bwino. Koma kutsika basi waiwalanso. Milomo anadzola zofiira zija monga analamulira Leonor wako, ankaoneka ngati mwana waba jamu.

Pamzere anthu anali ngati nyerere, dzuwa likuwotcha kale. Kutsogolo kwathu kunali kamtsikana kena, mawere sanatuluke n'komwe, kakuyendetsa milomo maso ali tsinzi. Ndinkati kakupemphera kolona. Kutchera khutu, kakuloweza tsiku lobadwa. Atate akenso, Dado, ali kwinakwake pansi pa denga la malata.

Titalowa anatipatsa mipando. Kenaka mawu akumveka, "Magbanua, Evangeline!" Mwana wako ali phee akuyang'ana fani. Kuitananso. Ali phee. Ndinamutsina pantchafu mpaka anadumpha ngati wakhalira singano.

Pa tebulo panali mayi wa magalasi, waulemu ndithu. Anayang'ana pasipoti, kuyang'ana Charito, kuyang'ananso pasipoti. Ati, "Koma simukalamba inu. Mumadzola chiyani?" Ine ndinalumphira, "Ndi mtundu wathu, mayi, ine pano ndili ndi zaka zana." Anaseka. Kenaka akuona pamene palembedwa za mwana, ati, "Precy. Wanga nayenso ndi wausinkhu womwewo. Munachira bwinobwino kapena anakung'ambani?" Kucheza chabe, mayi ndi mayi mnzake. Charito, mwana amene sanagwirepo dzanja la mwamuna, anangondiyang'ana kukamwa kuli yasa. Ndinati, "Bwinobwino, ndinalipo ndekha." Ndanama ine, kolona ili m'thumba, pamaso pa munthu amene sanandilakwire kanthu.

Chidindo sitinapeze. Abwana a Charito anasaina malo olakwika ndipo sanaikepo kope ya chiphaso chawo. Atiuza tibwerenso pa 21 Juni. Ndiye sewero lonseli tidzalibwerezanso.

N'chifukwa chiyani Vangie sakundilembera yekha? Ngati dzanja lafooka, anene mawu amake alembe. Ndikufuna mawu ake, osati ako.

Mayi ako,
Felicidad


Antique
30 Meyi 2009

Okondedwa Amayi,

Moni wambiri. Ndalama zinafika, Mulungu akudalitseni, ngakhale zinandipweteka kuti mwana wanu weniweni simumukhulupirira.

Vangie akupezako bwino, akupereka moni. Kulemba sangathe panopa, adokotala anati asamadzitopetse. Musamuuze Charito zodetsa nkhawa, mtima wake ukhale pa za ku ofesi basi. Chidindo chikangotuluka mundidziwitse msanga.

Kuno mvula yayamba ndipo feteleza wakwera.

Mwana wanu,
Diosdado


Antique
2 Juni 2009

Amayi,

Ndine Nenita, mpongozi wanu. Ndikulemba abambo a Vangie atapita kumunda, ndipo kalatayi akaponya ndi aphunzitsi oyandikana nafe. Mundikhululukire kuti sindinayambe ndi moni.

Vangie anatisiya pa 22 Meyi, kuchipatala. Ndinali naye. Mankhwala amene munatumizira ndalama tinagula, koma anali atachedwa. Tinamuika pa 28.

Ndinkafuna kukuimbirani foni kunyumba kwa adona anu tsiku lomwelo. Abambo ake anakana, anati mukamva inu ndiye kuti wamva Charito, ndipo akakalira ku ofesi zonse zidzaululika.

Pali china, Amayi, sindikudziwa kuti ndichilembe bwanji. Poti kuchipatala anagona ndi dzina la Charito, pepala la adokotala linatulukanso ndi dzina la Charito. Ine ndinati tikakonzetse, mwana apite ndi dzina lake. Madzulo ake kunabwera a Leonor, anapereka envulopu ya chipepeso, n'kuwatengera abambo ake kuseri kwa nyumba. Akuti boma likalemba kuti Evangeline wamwalira, pasipoti ya ku Kuwait ifa nayo, mtsikana akamumanga. M'mawa mwake abambo ake anapita ku ofesi ya khonsolo n'kukasaina. Chikalata cha imfa chili m'kabati muno. Chikuti Charito Magbanua, zaka 21, wosakwatiwa.

Pamaliro anapachika pakhomo chinsalu chosindikiza cholengeza maliro. Chithunzi cha Vangie, kadontho kake patsaya kakuoneka bwinobwino, pansi pake dzina la Charito. Mudzi wonse ukudziwa ana angawa, anawaona akukwawa. Koma anthu ankangobwera, kumwa khofi, kusewera makadi pansi pa tenti, osayang'ana m'mwamba. Ambiri a iwo ali ndi wawo kunja woyenda ndi dzina la wina. Agogo a Sinang okha, osaona bwino aja, anaima pabokosi n'kufunsa mokweza, "Kodi wafa ndi uti?" Anawakokera kumpando n'kuwapatsa bisiketi.

Wansembe ndi wachilendo, anangowerenga zimene anapatsidwa. Anapempherera mzimu wa Charito. Ndipo ine ndinati Ameni, Amayi. Mwana wanga mmodzi ali m'bokosi osatchulidwa, wina ali moyo akumupereka kwa Mulungu, ine mayi wawo ndinati Ameni.

Precy tinamudutsitsa pamwamba pa bokosi monga mwa mwambo kuti amake asamamubwerere. Panopa akumafunsa kuti Mama ali kuti. Abambo a Vangie anamuuza kuti ali ku Kuwait.

Pamanda pali simenti yokha, analembapo Charito ndi msomali. Mwala tikuyenera kuika tsiku la makumi anayi, pa 1 Julaye. Abambo ake auza kale wosema kuti alembe zomwezo.

Za kumuuza Charito muone ndinu. Ine nzeru zandithera.

Mpongozi wanu,
Nenita


Salmiya
19 Juni 2009

Amake Vangie,

Ndalandira. Ndalira, ndipo misozi ina ndasunga kuti ndidzalire ndikadzaona manda. Inu sindikukudzudzulani. Munakwatiwa ndi mwana wanga, chilango chimenecho n'chokwanira.

Kalata ya mwamuna wanu ndi imene inayamba kufika. Ati Vangie akupezako bwino, akupereka moni. Analemba zimenezo simenti ya pamanda isanaume! Ine chitsiru ndinapita nayo kutchalitchi sabata yatha, kumuwerengera Charito, tonse awiri kuyatsa kandulo yothokoza. Munthu ameneyu anatuluka m'mimba mwanga, ndinamuyamwitsa. Ndikadadziwa ndikadayamwitsa galu, bwenzi pano akundilondera nyumba.

Charito ndamuuza lero. Sindikanalola kuti akasaine mkuja Lamlungu ngati wakhungu. Ndinamutengera kuseri kwa tchalitchi kumene kuli mipopi, ndinamupatsa kalata yanu kuti awerenge yekha. Pa mkulu wake analira mpaka kukhala pansi pafumbi. Atafika pa chikalata chija anasiya kulira. Anabwereza kuwerenga. Kenaka anaseka, kuseka koipa kumene sindifuna kudzakumvanso.

Ati, "Ndiye ndinafa, Agogo? Anadya chiyani pamaliro anga?"

Ndinati, "Khala chete iwe."

Ati, "Ayi, ndikufunsa. Anaphika manudozi athu aja a pansiti? Ine ndimakonda ya nkhanu."

Atatero anapita pampopi n'kusanza.

Tinakhala pansi n'kuziyala zonse poyera, chifukwa ine zakuno ndimazidziwa. Akakanena zoona Lamlungu, kontilakiti yathera pomwepo. Akamusunga kunyumba ya kwa kazembe ija kumene atsikana othawa mabwana amagona mothithikana kudikira tikiti, ena miyezi ndi miyezi. Akadzafika kumudzi adzapeza kuti ndi wakufa, ndipo wakufa sapeza ntchito, sakwatiwa, satenga chikalata chilichonse, mpaka khoti litamudzutsa, ndi maloya amene ife sitingawakwanitse. Atate ake akhoza kumangidwa, zimenezo ine sizingandilepheretse tulo, koma mwina ndi inu nomwe. Nanga Precy adzatsala ndi yani? Akakasaina, ndiye kuti dzina la Charito lapita kumanda mpaka muyaya.

Anandifunsa, "Agogo, ndichite chiyani?" Ndinangoti, "Atate ako anakusankhira kamodzi, zakwana. Ine sindiwonjezera. Kumene ukalowere ndikaima pambali pako."

Imvani chinanso. Tinalowa kukalembetsa Misa ya Vangie. Ndatenga cholembera, Tasing ali pa tebulo lomwelo akutolera maina, ati, "Wamwalira ndani, Idad?" Ndilembe bwanji Evangeline Magbanua, pamene amene onse amamudziwa kuti Vangie waima pambali panga maso ali psuu? Ndilembe Charito, mwini wake akuona? Ndinalemba kuti mdzukulu wa Felicidad. Mpaka kuno, kutsidya kwa nyanja, mwana wanga wanditsekera pakamwa m'nyumba ya Mulungu.

Tsono mverani. Ndatumiza ndalama m'dzina lanu. Mupite nokha kwa wosema miyala uja, mumuuze afufute zimene anauzidwa. Alembe Evangeline Magbanua, mayi wa Precy, ndi masiku ake enieni. Akavuta mumuuze kuti Idad amene anamuimira mlongo wake pa ubatizo ndi amene walamula.

Mupsompsoneni Precy.

Apongozi anu,
Felicidad


Salmiya
26 Juni 2009

Diosdado,

Moni sindipereka. Amene unandipatsa, ochokera kwa Vangie, ndikadali nawo, sindikudziwa kuti ndiwaike pati.

Unati ndikudziwitse msanga chidindo chikatuluka. Chatuluka. Ipha tambala wa compadre udyere chisangalalo.

Charito anafika pa siteji ya basi Lamlungu osadzola kanthu kumilomo. Sanafunikirenso. Masiku awiri okha anali atamukalambitsa kuposa zofiira zonse za Leonor. M'basi sindinamufunse funso ndi limodzi lomwe, nayenso sanandiuze chimene wasankha. Ndinalowa mu ofesi muja osadziwa ngati ndituluka naye kapena ndimusiya m'manja mwa boma.

Ataitana kuti, "Magbanua, Evangeline," anaimirira asanamalize n'kutchula komwe.

Anali mayi wa magalasi yemwe uja. Anaona siginecha ya abwana, anaona kope ya chiphaso, zonse zili m'malo. Anamupatsa cholembera. Mwana wako anachigwira nthawi yaitali, mpaka mayi uja anati, "Pali vuto, mayi?" Charito anati, "Lilipo. Apa palembedwa wolandira za inshuwalansi ine ndikafa. Ndikufuna kusintha." Panali dzina lako, Dado, monga munalembera ndi Leonor poyamba paja. Analikhwatcha pamaso panga, mzere umodzi wowongoka, n'kulemba Precy. Mayi uja ati, "Ubale wake?" Iye ati, "Mwana wanga." Kenaka anasaina, chidindo n'kugunda.

Tili panja anati, "Agogo, kuyambira lero muzinditcha Vangie ngakhale tili awiri." Ndinati, "Pamaso pa anthu ndizikutcha zimene boma likufuna. Tikakhala awiri ndiwe Charito mpaka ine nditalowa m'bokosi, ndipo ukakana kuvomera ndizikutsina." Sanaseke. Mwana uja ankaseka ngakhale pa Misa.

Wapha ana awiri ndi chifuwa chimodzi. Wina unamulanda dzina ali moyo, n'kumulandanso maliro. Winayu wamuika m'manda akusita zovala za Aarabu kuti iwe ugone posadontha. Ndipo unakhala pansi, kutenga cholembera, kundilembera za feteleza. Thu!

Pamwala padzalembedwa Evangeline. Ndalamula ine, ndalipira ine. Usanjenjemere, boma siliwerenga miyala ya kumanda, limawerenga mapepala, ndipo mapepala ako onse ali bwino. Mwalawo ndi wa Precy, kuti akadzaphunzira kuwerenga adzadziwe pamene pagona amake. Ukaukhudza, ukangouyandikira ndi nyundo, ndidzakwera ndege ndi mawondo angawa, ndidzaima pakhomo la tchalitchi tsiku la Misa yaikulu ndi kufotokozera mudzi wonse zimene anthu ake akudziwa kale koma akunamizira kusadziwa. Ukundidziwa, mawu anga safuna chimkuzamawu.

Ukamuona Leonor umuuze kuti envulopu yake ya chipepeso akagulire sopo.

M'katimu muli kakalata ka mwana wako. Sindinakawerenge, anamata yekha.

Felicidad


Farwaniya
25 Juni 2009

Ababa,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino, ntchito ndapitiriza.

Mu Ogasiti ndikubwera kudzapuma. Musadzandichingamire. Ndidzafikira kumanda, kenaka ndidzatenga Precy. Zikalata zonse zikuti ndi mwana wanga, ndipo munazitumiza ndinu. Akakhala kwa azakhali ku Iloilo, kumene kuli sukulu yabwino. Amayi akafuna adzapite naye, ndalankhula kale ndi azakhali. Zonse zimene ndizipeza kuno zizipita kumeneko.

Mwezi uno musapite kokatenga ndalama, mungaononge nsapato. Mkulu wanga sanakutumizirenipo kanthu, ankagulitsa nsomba. Amene ankakutumizirani anali Charito, ndipo munasaina nokha ku khonsolo kuti anamwalira pa 22 Meyi. Akufa satumiza ndalama, Ababa.

Ndine,
Evangeline Magbanua